Njala Yathu, Filimu Yawo

 Sabata ino gawo ndi langa, ndipo funso limene ndabwera nalo ndi ili: munthu wochokera kutali akatenga nkhani ya mavuto anu, n'kuikonza bwinobwino, n'kukaigulitsa kwa anthu a dziko lonse, ameneyo wakuberani kapena wakuthandizani? Ine ndine wa geni, ndimagulitsa nyemba, usipa ndi tomato pamsika wa Nkhamenya kuno kwa Kaluluma, ndiye musadabwe mukaona ndikubwererabwerera ku sikelo ndi ku mitengo ya zinthu. Mutu wanga umayenda choncho.

Amene andiganizitsa zimenezi ndi a Chiwetel Ejiofor, Mngelezi amene anapanga filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe, m'boma lathu lomwe lino la Kasungu. Ndati Mngelezi, ndipo ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kutsutsa poti mkuluyu ndi wakuda ngati ife. Anabadwira ku London mu 1977, makolo awo anali a ku Nigeria, a mtundu wa Igbo. Bambo awo anali dokotala. Mu 1988, ali ndi zaka 11, banja lonse linapita kwawo ku Nigeria, ndipo galimoto imene anakwera ndi bambo awowo inachita ngozi. Bambo anamwalira, mwana anapulumuka. Chipsera chija mumachiona pachipumi pawo m'mafilimu si chodzola ayi, ndi cha ngozi imeneyo.

Zisudzo anayambira kusukulu, ndipo asanafike n'komwe zaka 21 anali ataonekera kale mu Amistad, filimu ya Steven Spielberg ya mu 1997 yonena za akapolo amene analanda sitima. Mu 2002 anasewera mu Dirty Pretty Things ngati dokotala wa ku Nigeria wokhala ku London opanda mapepala, masana akuyendetsa takisi, usiku akugwira ntchito pahotela. Amene muli ndi abale ku Joni, moyo umenewo simufuna kuti wina akufotokozereni. Imene inawatchukitsa kwambiri ndi 12 Years a Slave ya mu 2013, imene inawapatsa mphoto ya BAFTA. Munthu wofika pamenepo akanatha kusankha nkhani ina iliyonse padziko lapansi. Koma atafuna kutsogolera yekha filimu yaitali kwa nthawi yoyamba, anasankha Kasungu. Analemba okha, anaitsogolera okha, n'kuseweranso ngati a Trywell Kamkwamba, bambo ake a William.

Nkhani ya William ambiri mukuidziwa, ndingoidutsa. Njala ya 2001 mpaka 2002 inamuchotsa pasukulu ya Kachokolo chifukwa fizi inasowa. M'kalaibulale kakang'ono ka kwa Wimbe anapezamo buku lotchedwa Using Energy, anaona chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo, ndipo anamanga ake ndi njinga ya bambo ake, mapaipi, fani ya thirakitala ndi mitengo ya bulugama, anthu akumunena kuti wayamba misala. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye mu 2006, mu 2007 anakayankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha, mu 2009 linatuluka buku limene analemba pamodzi ndi Bryan Mealer wa ku America, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College. Filimu inatuluka mu 2019.

Tsopano mlandu. Ndiyamba ndi mbali ya odandaula, chifukwa mtima wanga wa munthu wokulira m'dera la fodya umayamba kupendekera komweko.

Kuno timadziwa ulendo wa tsamba. Nazale timathirira ndife, kuwokera ndife, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo, zonse ndife. Belo likafika ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, mtengo amatchula ndi wina. Likawoloka nyanja limakasanduka ndudu m'paketi yonyezimira, ndipo papaketipo simudzaona dzina la Kaluluma. Ndiye taonani ulendo wa nkhani ya William. Njala inali yathu, maliro anali athu, mwanayo ndi wathu. Buku linasindikizidwa ku America. Wosewera ngati William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Wosewera ngati mayi ake ndi Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Mfumu ya kwa Wimbe ndi Joseph Marcell, uja tinkamuona ngati wantchito wa m'nyumba mu The Fresh Prince of Bel-Air. Pa maudindo akuluakulu a m'banjamo Mmalawi amene timamuloza ndi Lily Banda, amene anasewera ngati mchemwali wake wa William. Filimu itapsa inakaikidwa pa Netflix, kumene munthu wa kwa Wimbe sangafike popanda bandulo yaikulu ndi khadi la kubanki. Ambiri kuno tinaionera pafoni, itaikidwa pa memory card ndi anyamata obena mafilimu pamsika. Ndipo pamene mayiko ankatumiza mafilimu awo ku mpikisano wa Oscar, imeneyi inapita m'dzina la Britain. Tsamba la ku Kasungu, paketi ya ku London. Eti?

Palinso nkhani ya Chichewa chake. Tisanamizane abale, malo ena ndinkachita kuwerenga Chingelezi cholembedwa m'munsi chija kuti ndimve zimene bambo wa "kwathu" akunena m'chilankhulo changa. Pamsika tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Koma nditaika zonsezi pasikelo, mbali inayo sinanyamuke m'mwamba monga ndinkayembekezera. Inali ndi kulemera kwake.

Choyamba, nkhani si thumba la chimanga. Thumba ndikakugulitsani, m'nyumba mwanga latha. Nkhani ya William ikadali kwa Wimbe, eni ake akhoza kuinena mawa m'mawa momwe angafunire. Komanso William sanalandidwe: buku analemba nawo yekha, ali wamkulu, wodziwa chimene akuchita. Si tenanti amene venda wamupeza mu February ana akulira, n'kumugula fodya wosakhwima pa mtengo wa mchere.

Kenako taganizani njira zachidule zimene a Ejiofor akanatha kudzera. Mafilimu ambiri onena za dziko lina la mu Africa amakajambulidwa ku South Africa kumene kuli zipangizo, poganiza kuti kwa oonera a kunja fumbi ndi fumbi basi. Iwo anabwera ndi makamera awo ku Kasungu konkuno, kwa Wimbe kwenikweniko. Akanatha kuyankhulitsa aliyense Chingelezi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo akunja sakanadandaula. Iwo anakhala pansi n'kuphunzira Chichewa, chopindika chomwecho. Kuno ku Nkhamenya timasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka tsiku lonse, ndipo kasitomala wa kumwera akayesa kupereka moni wa Chitumbuka n'kuphonya, timaseka ndithu, koma pomuyezera nyemba timamuikira banyira. Wayesa kubwera kumene tili. Amene amangoloza ndi chala osatsegula pakamwa ndiye timamuyezera ndendende.

Koma chimene chinandigwira kwambiri ndi ichi: mkuluyu sananamizire mvula yokha. Ndi bodza losavuta limenelo, ndipo akunja amalikonda, lakuti ku Africa kumagwa njala chifukwa kumwamba kwauma, palibe wolakwa. Mufilimu muja muli anthu a m'mudzi akusainira kugulitsa mitengo yawo ku esiteti ya fodya, madzi n'kudzasefukira m'minda. Ife a kuno tikayang'ana madambo ndi zitunda zimene zinali nkhalango agogo athu ali ana, sitifunsa kumene mitengo inapita. Inathera m'zigafa ndi m'mabani. Muli mfumu ikuimirira pamsonkhano wa pulezidenti kunena kuti anthu akufa, n'kumenyedwa chifukwa cha mawu amenewo. Muli chipwirikiti cha anthu olimbirana chimanga cha boma chosakwana. Zimenezo si zopeka zachabe. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa njala isanafike, mtengo pamsika unakwera kuwirikiza kangapo m'miyezi yochepa, ndipo boma la a Bakili Muluzi linadzavomera kuti dziko lili pangozi mu February 2002, anthu atayamba kale kuikidwa m'manda. Mlendo amene wabwera n'kunena kuti njala ili ndi manja a anthu mkati mwake, ameneyo sikelo yake sanaimange mwala kunsi.

Ena amati nkhani ya njala azinena amene anagonapo ndi njala, basi. Mfundo imeneyi imandikumbutsa Mngelezi wina, Charlie Chaplin, wa kachipewa ndi kandodo uja amene tizidutswa take timayendayenda m'mafoni mpaka lero. Anabadwira ku London mu 1889 mu umphawi weniweni. Ali ndi zaka 7 anatengeredwa kunyumba ya boma yosungirako osauka, mayi ake anadwala misala, bambo ake anali chidakwa. Atakula n'kulemera, njala ija sanaiiwale, koma taonani chimene anachita nayo. Mu The Gold Rush ya mu 1925 akuphika nsapato yake mumphika, n'kuiika m'mbale mwaulemu, zingwe zake akudya ngati supageti, misomali akuyamwa ngati mafupa a nkhuku. Dziko lonse linaseka. Mwini njala ali ndi ufulu umene mlendo alibe: akhoza kuiseka. A Ejiofor akanati aike nthabwala pa mwana amene akudya gaga, bwenzi titawathamangitsa ndi miyala. Koma ife tokhatokha timaseka za 2002, za mkulu wina amene ankabisa chikhawo cha nthochi kudenga ngati ndalama, ndipo timaseka mpaka misozi, osadziwa kuti misoziyo ndi ya chiyani.

Komabe magazi okha sapangitsa munthu kunena zoona. Chaplin yemweyo mufilimu imeneyo wanjala uja amamaliza ali mpondamatiki, atapeza golide ndi mkazi yemwe. Mwini njala nayenso amathira shuga, chifukwa akudziwa kuti anthu sagula zowawa zokhazokha. Ndipo mbali inayi, ine ndimaona ngati a Ejiofor sanabwere chimanjamanja. Mtima wa filimu yawo si makina aja ayi. Ndi bambo ndi mwana: bambo amene mphamvu zake zonse zili m'khasu ndi njinga imodzi, ndi mwana amene akupempha njinga yomweyo kuti aidule. Munthu amene bambo ake anamusiya ali ndi zaka 11, n'kudzasankha kusewera yekha ngati bambo amene akulephera kuteteza ana ake, ameneyo waikapo chake pasikelo. Njala sanaigone, koma chisoni cha m'nyumba amachidziwa. (Chodabwitsa, Chaplin anamwalira mu 1977, chaka chomwe a Ejiofor anabadwa. Sindikuti pali tanthauzo, ndangoti ndikuuzeni.)

Pali chinthu china chimene Chaplin ankachita chimene chimandionetsa pamene mphamvu ya wofotokoza nkhani imabisala. Kuyambira pa City Lights ya mu 1931, nyimbo za m'mafilimu ake ankapeka yekha, ngakhale sankatha kuwerenga manotsi a nyimbo. Ankang'ung'udza kapena kuimba pachida, ena n'kumalemba. Sankafuna kuti wina amusankhire pamene oonera alire ndi pamene aseke. Ankadziwa kuti chithunzi chimakuonetsa chinthu, koma nyimbo ndi imene imakuuza mmene umvere. Mufilimu ya Kamkwamba nyimbo anapeka ndi Antonio Pinto wa ku Brazil, ndipo ndi zokoma, sindikana. Koma apa m'pamene ine ndimasiyana nayo filimuyi, ndipo si mlandu wa munthu mmodzi. Njala imene ndikuikumbuka, ndili ndi zaka 12, inalibe nyimbo. Chimene chinali choopsa chinali bata. Chigayo chinasiya kulira. Mitondo inangoti zii, poti munalibe chosinja. Ana anasiya masewera a madzulo, agalu anasiya kuuwa. Ngakhale pamaliro nyimbo zinkatha msanga, anthu analibe mpweya woimbira, ndipo okumba manda ankasinthana pafupipafupi. Nyimbo ikalowa pansi pa chithunzi cha njala, imakugwira dzanja n'kumakuuza kuti usaope, tikupita penapake. Ife panalibe wotigwira dzanja, ndipo sitinkadziwa kuti tikupita penapake.

Apa ndiye pafika pamene sikelo ya a Ejiofor inapendekera. Kumapeto kwa filimu makina a William akupopa madzi pachitsime, madzi akuyenda m'mizere, mbewu zikumera m'chilimwe, mudzi wapulumuka. Zoona zake n'zakuti makina oyamba aja anayatsa mababu ndi wailesi m'nyumba mwa makolo ake. Zopopa madzi zinadzabwera patapita zaka, dzina lake litamveka kale ndipo anthu akunja atayamba kuthandiza. Njala ya 2002 sinathe ndi makina a mphepo. Inatha pamene maungu anayamba kukhwima ndi chimanga chachiwisi chitayamba kudyeka, kenako chithandizo cha chakudya chitafika, ndipo inatha kwa okhawo amene anafika pamenepo ali moyo. Kolera nayo inali itatenga ake chaka chomwecho.

Mwina muti ndi filimu, amayenera kufupikitsa. Ndikumva. Inenso tomato wabwino ndimaika pamwamba pa mulu. Koma pali kusiyana pakati pa kuika wabwino pamwamba ndi kuuza kasitomala kuti dengu lonse ndi lotero. Vuto la mathero amenewa si lakuti amukweza William. Mwanayo anachita chinthu chachikulu, ndipo amene amamuchepetsa ndi nsanje chabe. Vuto n'lakuti mwana wobadwa mu 2010, amene 2002 akuidziwira pafoni, akhoza kutengapo phunziro lakuti njala imagonja kwa wanzeru. Nanga amene anafa aja anali opusa? M'kalasi mwathu munali mtsikana amene masamu ankatiposa tonse kutalitali. Sanamange makina alionse. Anakwatiwa chaka chomwecho ndi bambo wa chigayo, kuti kwawo kuchepe pakamwa pamodzi, ndipo azing'ono ake onse anapulumuka. Nzeru zimenezo palibe amene adzaziitanire ku Arusha. Kunena chilungamo, filimuyi inakhudzako pang'ono zotere pa mchemwali wa William amene akuthawa ndi mphunzitsi, koma kamera siimutsatira. Imabwerera kwa mnyamata ndi makina ake, chifukwa ndi kumene kuli mathero ogulitsika.

Ndiye yankho langa pa funso lija ndi lakuti a Ejiofor sanatibere. Anagula poyera, kwa mwini wake, anabwera pamalo, ananena zoona zambiri zimene ena akanazibisa, n'kutenga gawo la nkhani limene msika wawo ungagule. Wa geni aliyense amatero. Chimene chimandisowetsa tulo ndi gawo limene anasiya, chifukwa limenelo silingatengedwe ndi mlendo, ndipo ife eni ake timalizungulira ngati chitsime chakugwa.

Musati luso tilibe. A Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, ndipo yomalizayi ndi imene Malawi anatumiza ku Oscar kwa nthawi yoyamba. Mayi Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yawo ya Lilongwe. M'gulu muno muli alembi amene ndakatulo zawo zimandiimitsa ndili pakati poyeza usipa. Ndalama n'zovuta, inde, koma cholembera ndi foni tili nazo. Ine ndikuganiza kuti chimene chimatigwira pakhosi ndi manyazi. Mlendo akhoza kujambula wakuba chimanga chifukwa sadzakumana naye pamjigo. Ife wakubayo timamudziwa, ndi malume a uje, pano ndi mkulu wa mpingo. Amene anamudula khutu pomugwira m'munda timamudziwanso. Amene anatseka chitseko mlongo wake akugogoda, amene anasakaniza utuchi m'gaga n'kugulitsa, amene anamanga nyumba ya malata ndi phindu la chaka chimenecho, onsewo tikukhala nawo, ena timadya nawo m'mbale imodzi. M'filimu ya mlendo anthu oipa ndi boma, esiteti ndi akuba opanda dzina. M'nkhani yathu mulinso ifeyo.

Miyezi imeneyo mumsewu wa M1 munkadutsa matenanti amene mabwana a m'maesiteti analeka kuwapatsa chakudya. Ankayenda ndi ana kumsana ndi katundu pamutu, akugulitsa chilichonse chimene anali nacho: mbale, zitenje, makasu, wailesi. Ife kwathu sikuti tinali olemera, koma bambo anali atasunga matumba awiri a gaga wa nkhumba, ndipo gaga ameneyo ndi amene anatisunga. Tsiku lina anafika pakhomo mayi wina wa chilankhulo cha kumwera, ali ndi ana awiri ndi poto wamkulu wa aluminiyamu, watsopano ndithu. Amayi anamupatsa mbale imodzi ya gaga, iye n'kusiya potoyo. Mbale imodzi. Sanakambirane mtengo, panalibe wonenerera. Ndikudziwa zimene amayi angayankhe: akanamupatsa ulere, mawa kukanabwera khumi, ndipo ife tinalipo ana asanu. Mwina mbale imeneyo inawafikitsa anawo pamudzi wotsatira.

Poto uja alipobe. Amayi amaphikiramo nyemba pakakhala alendo ambiri, ndipo mwana wanga wamkazi atawafunsa chaka chatha kumene anagula poto wolimba chonchi, anangomuuza kuti akatunge madzi.